Eni akavalo, za opareshoni ya m'mimba tiuzirenitu dzuwa lisanalowe

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za akavalo ngakhale ndikudziwa kuti ena akangoona mutuwu anena kuti izi ndi za mabwana, ife zikutikhudza pati. Zimatikhudza ndithu, chifukwa kuno ku Harare m'makola ambiri amene ndagwiramo ntchito, munthu amene amagona pafupi ndi kavalo si mwini wake ayi, ndi ifeyo, ndipo ena mwa ife ndi ana ndi zidzukulu za aMalawi aja anabwera kuno kale nthawi ya Federation kapena isanafike kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Anthu akamapita ku bwalo la Borrowdale Park kukaonera mipikisano ya akavalo ngati Castle Tankard amaona kavalo wonyezimira ndi wokwera wovala zokongola, koma amene anamupesa, kumuchotsera ndowe ndi kumudikira usiku wonse atadwala saoneka pa chithunzi. Nde nkhani yanga ndi iyi: kavalo akagwidwa ndi colic, kuja kupweteka kwa m'mimba, funso loti achitidwe opareshoni kapena ayi eni ake ambiri amayamba kuliganiza 2 koloko usiku, ali ndi tulo m'maso, foni ili kukhutu, kavalo akudzimenyetsa pansi. Imeneyo si nthawi yoyambira kuganiza. Asankhiretu kavalo ali bwinobwino, ndipo atiuze ife chimene asankha.

Kwa amene sanakhalepo ndi kavalo, colic si nthenda imodzi, ndi dzina la ululu uliwonse wa m'mimba, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha akavalo kwambiri padziko lonse. Vuto ndi mmene mimba ya kavalo inapangidwira. Nyama yolemera makilogalamu 500 koma chifu chake n'chaching'ono, malita 8 mpaka 15 basi, matumbo aang'ono okha amapitirira mamita 20, kenako pali thumbo lalikulu lopindapinda limene mbali yake yaikulu sinamangiriridwe kwina kulikonse, imangokhala m'mimbamo, nde imatha kusuntha kapena kupotoka. Komanso kavalo sasanza. Galu akadya choipa amabweza, kavalo ayi, zinthu zikatsekeka kutsogolo madzi amabwerera n'kudzadza m'chifu mpaka chifu kuphulika, ndipo chikaphulika palibenso dokotala angachitepo kanthu.

Mwamwayi colic yambiri si ya mpeni. Pa akavalo 10 odwala m'mimba, pafupifupi 9 amachira ndi mankhwala, jakisoni woziziritsa ululu wa flunixin kapena Buscopan, madzi kapena mafuta kudzera m'chubu cha m'mphuno, kumuletsa kudya, kumuyendetsa pang'ono, m'mawa mupeza ndowe pakona mtima n'kukhala pansi. Kungokhala mpweya kapena chimbudzi chouma chatsekeka. Kuno timaziona kwambiri mu June ndi July, kukuzizira, kavalo sakufuna kumwa madzi ozizira koma akudya udzu wouma, komanso nthawi imene magetsi azima pampu ya pachitsime osagwira ntchito, madzi tikuchita kugawa, pamene kavalo mmodzi amafuna malita 30 kapena kuposa patsiku, kukatentha mu October nde osanena. Mvula yoyamba ikagwa naponso, msipu wanthete uja akaudya mosusuka mimba imatupa. Koma kuchira kwa ambiriku ndi kumene kumapusitsa eni ake, amazolowera kuti aaa ndi zomwe zija, mubayeni jakisoni tiona m'mawa. Ndiye tsiku limabwera la mmodzi uja wa pa 10.

Ameneyo thumbo lapotoka kapena lakanirira pena pake, magazi sakudutsa, ndipo thumbo lopanda magazi limayamba kufa m'maola ochepa chabe, poizoni n'kulowa m'magazi. Akavalo aakazi amene angobereka kumene amakonda kupotoka thumbo lalikulu, ndipo imeneyo imathamanga koopsa. Akavalo okalamba, a zaka 15 kupita m'mwamba, amatha kukhala ndi chotupa cha mafuta cholendewera pa kachingwe, lipoma, chimene chimakulunga thumbo laling'ono n'kulimanga. Aja okonda kuluma chitseko n'kumameza mpweya alinso pa chiopsezo cha thumbo kukodwa. Zonsezi palibe jakisoni angazimasule, ndi mpeni basi, kapena kumugoneka kuti apume, ndiye kuti kumupha mopanda ululu. Njira ndi ziwiri zokha, kudikira si njira yachitatu ngakhale anthu amaitenga ngati njira.

Ndinaonapo ndi maso anga pa khola lina limene sindilitchula. Kavalo wamkazi wofiirira, wofatsa woti ana ankaphunzirirapo kukwera, anasiya chakudya chamadzulo, chizindikiro choyamba chimenecho. Pofika usiku anali akupalasa pansi ndi mwendo wakutsogolo, kucheukira m'nthiti mwake, kugona, kudzuka, kugonanso. Thukuta linayamba kuseri kwa makutu kenako khosi lonse linanyowa ngakhale kunja kunali chisanu choti ife tavala majekete awiri. Ndinatukula mlomo wake ndi tochi ya pafoni, usinini umene umayenera kukhala wofiirira mopepuka unali utayamba kuda, ndikadina ndi chala mtundu osabwerera msanga, pamene kwa wabwino umabwerera pasanathe masekondi 2. Khutu langa pamimba pake, zii, osamva kulira kwa matumbo ngakhale pang'ono. Adokotala atafika anawerenga mtima, unali kupitirira 60 pa mphindi, chikhalirecho wabwino amagunda pakati pa 28 ndi 44 akapuma. Analowetsa chubu m'mphuno, madzi obiriwira onunkha chowawasa anangokhuthukira mu ndowa osaleka, analowetsa dzanja kumbuyo, ndipo atatulutsa anavula gulovu uja mwakachetechete n'kunena kuti ayimbireni abwana tsopano. Foni ya abwana inali yozima. Ya adona inkangoitana. Mwana wawo wamkulu anayankha koma anati iye sangalamule za ndalama zochuluka choncho. Adokotala sangatsegule kavalo wa munthu popanda chilolezo, sangamuphenso popanda chilolezo, ine wantchito nde ndinganene chiyani. Tinakhala pamenepo tikumubaya mankhwala oziziritsa ululu amene ankagwira kanthawi kochepa n'kutha, iye akudzigwetsa mpaka kusupuka pamwamba pa diso. Mmene abwana ankayankha kunja kukuyera, anati chitani chilichonse ndilipira, koma nthawi ya chilichonse inali itadutsa. Abwana aja sanali munthu woipa, analira ngati mwana pakhola paja. Kungoti funso limeneli anali asanaliganizepo n'kamodzi komwe.

Ndiye tiyeni tione zimene mwini kavalo amayeza akamasankha, chifukwa sindikunena kuti n'zophweka.

Choyamba aliyense amadziwa, ndalama. Opareshoni ya colic ndi madola a ku America masauzande angapo kulikonse kumene imachitika, ndipo mtengo umene mwauzidwa pakhomo si womaliza, pali madripi a malita ambirimbiri, mankhwala, masiku ogona kuchipatala, ndipo zikavuta bilu imakwera. Kuno kwathu kumene anthu anaona ndalama zawo zikusungunuka mu 2008, kenako tasinthasintha mpaka kufika pa ndalama yotchedwa ZiG mu 2024, munthu kukhala ndi ndalama zoterozo zongodikira kavalo n'kovuta, ndipo ine sindinyoza munthu wonena kuti sindingathe, fizi ya ana ili apo. Chimene ndimadana nacho ndi manyazi. Munthu akudziwa mumtima kuti ndalamazo alibe, koma kuti anene pamaso pa adokotala ndi antchito akuona ngati achepa, nde amati tiyeni timuonere kaye ola lina, tiyeseko jakisoni wina. Ola limenelo amene akulilipira ndi kavalo. Walira mvula walira matope, ukagula kavalo wagulanso usiku umenewu, ndipo kunena kuti ayi mugonekeni ndi yankho laulemu ndithu likanenedwa pa nthawi yake. Amene ali ndi inshuwalansi awerengenso pepala lawo masana, adziwe ngati opareshoni ilimo kapena ndi ya imfa yokha, komanso ngati akufunika kuimbira kampaniyo kaye asanachite kanthu, chifukwa ena amadzazindikira pamaliro.

Chachiwiri ndi choti opareshoniyo ikachitikira kuti. Iyi si ntchito ya pansi pa mtengo ngati kuthena. Kavalo amagonekedwa tulo tofa nato, kunyamulidwa ndi makina, kugonekedwa chagada, kung'ambidwa pakati pa mimba, matumbo kutulutsidwa, kuwongoledwa, mbali yakufa kudulidwa n'kulumikiza. Pamafunika dokotala wodula, wina woyang'anira tulo, othandiza, magetsi osazima, chipinda chofewa chodzukiramo. Nde mwini kavalo aliyense afunsiretu dokotala wake kuti kodi zitachitika usiku uno tipita kuti, amene adzadule ndi ndani, ndi maola angati pamsewu, ngolo yonyamulira kavalo ili ndi matayala abwino, galimoto yokoka ili ndi mafuta, nanga kavaloyo anaphunzitsidwa kukwera ngolo kapena tidzayamba kulimbana naye ali mu ululu. Ndamvapo ena akunena mwamatama kuti wanga zikavuta ndipita naye ku Onderstepoort ku South Africa. Inde chipatala cha ziweto cha University of Pretoria chija n'chodziwika, koma kuchoka ku Harare kudzera pa Beitbridge ndi makilomita oposa 1,000, kuphatikiza mapepala a chilolezo chodutsitsa chiweto pamalire, pamene thumbo lopotoka likuwerenga maola. Amene akukhala kutali ndi tauni, kumafamu uko, aziwerengeranso msewu wawo moona mtima.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ndimaona anthu akulakwitsa kwambiri, ndi nkhani ya zaka ndi mtengo wa kavalo. Utamva kuti kavalo ngati Ipi Tombe, uja anabadwira kuno ku Zimbabwe n'kukapambana mipikisano ikuluikulu ya Durban July mu 2002 kenako Dubai Duty Free mu 2003, wadwala m'mimba, palibe angafunse kawiri, ngolo inyamuka nthawi yomweyo. Koma kavalo wokalamba wa ana amangoti wakula uyu sangapirire mpeni. Madokotala amene amachita ntchitoyi amanena kuti ukalamba pawokha si chifukwa, kavalo wamkulu amene thupi lake lili bwino amatha kuchira mofanana ndi wazaka zapakati. Chimene chimalamula kwambiri ndi mtundu wa vutolo ndi nthawi imene yadutsa. Thumbo lalikulu longosuntha malo, lofika msanga, mwayi ndi waukulu. Thumbo laling'ono lofa kale loti adule mamita angapo, mwayi umatsika. Nde ngati mukukana chifukwa cha ndalama nenani kuti ndi ndalama, musanamizire zaka zake. Komanso mbali inayo ilipo, kavalo amene ali kale ndi matenda a ziboda osatha, wowonda, mano anatha, miyendo yolumala, kumudutsitsa mu zonsezi chifukwa choti inuyo simukufuna kutsanzikana naye si chikondi chimenecho.

Pali njira ina yapakati imene anthu ambiri sadziwa kuti angapemphe. Mutha kuvomera kuti amutsegule aone, n'kugwirizana ndi adokotala kuti mukapeza zoti sizingakonzeke, kapena zopitirira ndalama zakutizakuti, musamudzutse. Kavalo amapita ali m'tulo osamva kanthu. Koma zimenezinso zimafuna munthu woti waganiza kale malire ake, osati woyamba kuwerengetsa ali pa khomo la chipinda cha opareshoni.

Chimene eni ake saganizira n'komwe ndi za pambuyo pake, mwina chifukwa si iwo amazigwira. Kudzuka kokhako ku tulo ndi ngozi, nyama yaikulu choncho ikudzandira imatha kuthyoka mwendo. Masiku oyamba matumbo amatha kuchita ulesi osayenda, nde chubu m'mphuno maola angapo aliwonse. Chilonda chimatha kuchita mafinya, pena mnofu osagwirana bwino n'kutuluka chotupa pansi pa mimba, matumbo amatha kumatirirana mkati colic n'kubwereranso, ziboda zimatha kutentha. Akabwera kunyumba ndi pafupifupi mwezi kapena kuposa ali m'khola osatuluka yekha, kenako kabwalo kakang'ono, ndipo kukweredwa ndi pakatha miyezi 3 zikayenda bwino. Ndinasamalirapo mmodzi wotere, wamphongo wothena wakuda, ndipo ndikukumbukira kugwada m'mawa uliwonse kusuzumira pansi pa mimba yometedwa ija, kugwira m'mbali mwa ulusi kuti ndimve ngati patentha, kununkhiza bandeji, kumupatsa udzu wodzadza manja awiri okha iye akundiyang'ana ndi njala, kumukoka ndi chingwe kuti adye msipu kwa mphindi zochepa n'kumubweza akukana. Anachira ameneyo, anabwerera kudumpha mipanda, ndipo ambiri amene adzuka bwino ku opareshoni amabwereradi kunyumba ndi kuntchito yawo, nde asakunamizeni kuti kavalo wong'ambidwa watha ntchito. Koma anachira chifukwa panali anthu okwanira ogawana usiku. Khola limene wantchito mmodzi akusamalira akavalo ambirimbiri yekha, funsani kaye kuti adzagona liti munthuyo, ndipo maola owonjezerawo mudzamulipira bwanji. Ifenso tili m'gulu la zoyenera kuwerengedwa.

Kwa anzanga ogwira ntchito m'makola ndili ndi mawu awiri. Musabise. Ndikudziwa mantha ake, ukaimba foni usiku n'kupezeka kuti unali mpweya chabe umakalipiridwa kuti wawonongetsa ndalama ya dokotala, ukapanda kuimba kavalo n'kufa umachotsedwa ntchito ndipo nyumba ya pakhola ukutulukamo ndi ana. Koma imbanibe, kukalipiridwa kumatha. Ndipo chonde za kubaya flunixin mwakachetechete musanauze munthu tisiye, mankhwala aja ndi amphamvu, amabisa ululu maola ambiri, adokotala akabwera apeza kavalo wooneka bwino pamene mkati thumbo likufa, kapena ngati mwabaya nenani nthawi yake ndi mlingo wake. Zomwetsa kavalo mafuta ophikira kapena mowa ndi botolo nazonso ayi, zikalowa m'mapapo mwawonjezera nthenda ina. Kumuyendetsa kuli bwino pang'ono, koma osati kumukwapula usiku wonse mpaka atheretu mphamvu, ngati wagona phee osadzigubuduza musiyeni agone. Chotsani chakudya, werengani mtima, onani usinini, onani ndowe kuti wachita liti komaliza, kuti poimba foni mukhale ndi zonena zenizeni osati kungoti sakuoneka bwino.

Abale a kumudzi amene muli ndi abulu okoka ngolo ku Dedza, ku Lilongwe ndi kwina, musaone ngati izi n'zakutali. Bulu naye amadwala colic, kawirikawiri chifukwa cha mapepala apulasitiki amene amatola m'misika, mano oipa ndi kusowa madzi, ndipo choopsa n'choti bulu saonetsa ululu ngati kavalo, amangoima duu mutu pansi osadya, anthu n'kumati wachita ulesi. Bulu wosiya kudya ndi wodwala kwambiri mpaka alangizi a ziweto atanena kuti ayi. Opareshoni kumeneko mwina palibe amene angaiganize, koma funso loti timusiye avutike mpaka liti ndi lomwelo.

Chimene ndikupempha kwa eni akavalo si chachikulu. Khalani pansi ndi dokotala wanu tsiku labwinobwino, kavalo aliyense payekha, mugwirizane kuti uyu opareshoni inde kapena ayi, mpaka ndalama zingati, ndipo foni yanu ikapanda kupezeka ndani ali ndi mphamvu yolamula m'malo mwanu, munthu woti adzayankhadi usiku. Zilembedwe, musayine, pepala lina likhale kwa adokotala, lina likhomedwe kuseri kwa chitseko cha chipinda chosungira zishalo pamene ife tingalione. Mukasintha maganizo chaka chamawa, kaya ndalama zavuta kaya kavalo wakalamba, sinthani pepalalo, palibe choletsa. Mutipatsenso chilolezo choimbira adokotala tokha osayamba tapempha, ndi mayunitsi a foni oti tiimbire, chifukwa n'zomvetsa chisoni kuti kavalo wa madola masauzande angachedwe kuthandizidwa poti wantchito analibe dola imodzi ya mu foni. Amene mumasungitsa akavalo anu pa makola a anthu ena n'kumabwera Loweruka lokha, inu nde izi zikukukhudzani kuposa wina aliyense.

Ndipemphenso a Mashonaland Turf Club, amene amayendetsa mipikisano ya akavalo ku Borrowdale Park, ndi a sukulu ya madokotala a ziweto ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant kuti aganizireko zokonza tsiku lophunzitsa osamalira akavalo, m'Chishona ndi m'Chichewa momwe, kuwerenga mtima pansi pa chibwano, kuona usinini, kumvetsera matumbo mbali zonse ziwiri ndi kudziwa nthawi yoti apa tisadikirenso. Ambiri a ife tinaphunzira pongoonera akuluakulu, ndipo achinyamata amene akulowa ntchito pano alibe owaonetsa chifukwa madala aja ambiri anapuma, ena anabwerera kumudzi. Ophunzira a udokotala atha kubwera m'makola momwemo tsiku lopanda mpikisano, ife tidzasonkhana.

Ndine wowerenga wanu,
Wosamalira akavalo,
Hatcliffe, Harare